Chotupa cha m'mbali mwa tayala: yankho kwa mwini minibasi

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina yemwe ali ndi minibasi yonyamula anthu. Iwo akuti tayala lawo lakumbuyo linagwera m'dzenje la mumsewu, ndipo m'mawa mwake anapeza kuti latuluka chotupa m'mbali, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Womata matayala wawauza kuti akhoza kuika chigamba chokhuthala mkati ndi kulowetsamo chubu, pamene wogulitsa matayala a kaunjika akuwanyengerera kuti agule la galimoto yaing'ono lomwe mano ake akadali akuya. Awonjezeranso funso lina, lakuti pa tayala lawo panalembedwa 8PR, koma atadula lina lakale lamtundu womwewo sanapezemo magawo 8 a nsalu, ndiye akudabwa ngati anawabera.

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Tayala lotupalo lichotseni lero lomwe, ndipo musalisiye kumbuyoko kapena kulisunga ngati sipeya. Chifukwa chake chili m'kamangidwe ka tayala, ndipo mukakamvetsa mafunso enawo sakhalanso ovuta.

Anthu ambiri amaganiza kuti tayala ndi labala, pakuti ndi amene maso amaona. Zoona zake n'zakuti labala payekha sangapirire mpweya umene timapopera m'tayala la galimoto, chifukwa angafutukuke ngati baluni mpaka kuphulika. Chimene chimagwira mpweyawo ndi zingwe zambirimbiri zoyalidwa moyandikana mkati mwa labalayo, ndipo mpweya ukazikoka n'kuuma gwa, ndi pamene tayala limatha kusenza galimoto. Ntchito ya labala ndi kumata zingwezo pamodzi, kuziteteza ku madzi ndi miyala, kutseka mpweya ndi kugwira msewu. John Boyd Dunlop, yemwe mu 1888 anapangira mwana wake tayala la mpweya la njinga ya mawilo atatu ku Belfast, anachita kukulunga chubu chake ndi nsalu yolimba pa chifukwa chomwechi. Kuchokera nthawi imeneyo opanga matayala akhala akusintha ulusi wa zingwezo, kuyambira wa thonje, kenaka rayon, nayiloni, poliyesita, mpaka waya wachitsulo.

M'tayala lanu zingwe zimenezi zimayambira pa mlomo umodzi umene umakhala pa limu, n'kukwera m'mbali, n'kudutsa pansi pa mano, n'kukatsikira pa mlomo winawo. M'milomo iwiriyo muli mikombero ya mawaya achitsulo opotedwa kangapo, imene amaitcha bead, ndipo nsonga za zingwe zimapindidwa mozungulira mikomberoyo kuti zisasololoke. Mawaya amenewa ndi aja amatsala paphulusa tayala likapsa. Mkombero umenewu ukapindika kapena kuduka chifukwa chotokosa tayala ndi zitsulo mosasamala polichotsa pa limu, tayalalo silikhalanso bwino, ngakhale kwina konse likuoneka latsopano.

Kalekale zingwe zinkayalidwa mopingasa, gawo lina kupendekera kumanja, lina kumanzere, ngati maluko a dengu. Matayala otere, omwe amatchedwa cross-ply, anali ndi mbali zolimba, koma pogudubuzika magawowo ankapekesana, n'kumatentha, ndipo mano ankatha msanga. Mu 1946 kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa kapangidwe ka radial, kamene chilembo R cha pa tayala lanu chikuimira. M'kapangidwe aka zingwe zimawoloka molunjika kuchokera mlomo wina kupita mlomo wina, kotero kuti mbali zimakhala zofewa, zotha kupindika ndi kuwongoka popanda kutentha kwambiri. Koma zingwe zolunjika zokha sizingagwire mano kuti akhale phwatalala pamsewu, n'chifukwa chake pansi pa mano amaikapo malamba, kawirikawiri awiri, a mawaya achitsulo opyapyala, oyalidwa mopingasana pa ngodya ya madigiri pafupifupi 20. Mawayawo amakutidwa ndi brass, mtundu wa mkuwa wosakaniza, kuti labala awamatirire pophika tayala, ndipo matayala ambiri amakhalanso ndi gawo la nayiloni pamwamba pa malambawo loletsa kuti asatukuke galimoto ikathamanga.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya chotupa chanu. Malamba achitsulo amathera pa phewa la tayala, pamene mano amakumana ndi mbali, satsikira m'mbali. M'mbali muli gawo limodzi kapena awiri okha a zingwe, okutidwa ndi labala wopyapyala. Tayala likamenya mlomo wakuthwa wa dzenje, mbaliyo imapanikizika pakati pa phula ndi limu, ndipo zingwe zingapo zimaduka nthawi yomweyo ngakhale labala wakunja osang'ambika. Pamalo podukapo sipakhalanso chogwira mpweya, ndiye mpweyawo umakankha labala kunja. Chotupacho, tsono, ndi malo amene labala watsala yekha. Zingwe zoyandikana ndi zodukazo zimasenza katundu wa zinzake, ndipo popeza mbali ya tayala imapindika kamodzi pa kuzungulira kulikonse, komwe ndi pafupifupi ka 500 pa kilomita imodzi, nazonso zimayamba kuduka chimodzichimodzi.

Womata matayala uja sindikumunyoza, chifukwa ntchito yake imatipulumutsa tsiku ndi tsiku, koma pa ichi walakwitsa. Chigamba chimatseka bowo, sichilumikiza zingwe zoduka. Chubu nachonso chimangosunga mpweya, ndipo mphamvu ya mpweyawo imakatsamirabe pa malo ofooka omwewo. Malangizo a opanga matayala a magalimoto ang'onoang'ono ndi akuti bowo loyenera kumata ndi limene lili pakati pa mano, losapitirira mamilimita 6, ndipo m'mbali ndi pa phewa sipamatidwa. Minibasi yodzaza ikaphulika tayala lakumbuyo ili pa liwiro imagwedezeka matako, ndipo dalaivala akaponda buleki mwamantha, kugubuduka sikukhala patali. Zimandipweteka mtima ndikaona minibasi ili ndi ana asukulu mkati pamene tayala lake lili ndi chotupa choonekera patali.

Za 8PR, simunaberedwe. Nthawi ya ulusi wa thonje mphamvu ya tayala inkawerengedwa ndi kuchuluka kwa magawo a nsalu, ndipo tayala la magawo 8 linkakhaladi ndi magawo 8. Ulusi wamakono ndi wolimba kwambiri, motero magawo awiri a poliyesita akhoza kugwira ntchito imene kale inkafuna ambiri, ndipo matayala a malole akuluakulu amakhala ndi gawo limodzi lokha la zingwe zachitsulo. Chizindikirocho chinangotsala ngati muyeso wa mphamvu. Mukayang'anitsitsa tizilembo ting'onoting'ono ta m'mbali mwa matayala ambiri, mupeza pomwe alemba magawo enieni amene ali pansi pa mano ndi amene ali m'mbali, pamodzi ndi mtundu wa ulusi wake.

Nambala yofunika kuposa PR ndi ya katundu. Tayala lolembedwa 195R14C 106/104 limasenza makilogalamu 950 likakhala lokha mbali imodzi (ndi tanthauzo la 106), kapena 900 akakhala awiriawiri (tanthauzo la 104), ndipo chilembo C chikusonyeza kuti linapangidwira magalimoto onyamula katundu ndi anthu ambiri. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 195/70R14 91 limalowa pa limu ya mainchesi 14 yomweyo, koma limasenza makilogalamu 615 basi, kutanthauza 2,460 pa matayala anayi, pamene anayi a C aja amafika 3,800. Minibasi yopanda munthu imalemera kale kuposa tani imodzi ndi theka, ndipo anthu 15 a makilogalamu 65 aliyense akuwonjezera pafupifupi tani ina, tisanawerenge matumba a chimanga oikidwa kumbuyo. Muyeso wa 950 uja nawonso umagwira ntchito pokhapokha tayala litapopedwa mokwanira, ndipo kuchuluka kwa mpweya woyenera katundu ameneyo kumalembedwa pa tayala lomwelo.

Mpweya wochepa ndi mdani wamkulu wa malamba achitsulo. Tayala losakhuta limapindika kwambiri, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutenthako kumasonkhana m'mphepete mwa malamba, pamene nsonga zodulidwa za mawaya zimakumana ndi labala. Pang'onopang'ono labala amalekana ndi chitsulo, mpaka tsiku lina mano onse amasendeka ngati khungwa la mtengo. Vuto la kusendeka kwa mano ndi limene linachititsa kuti mu Ogasiti 2000 kampani ya Firestone iitanitse matayala pafupifupi 6.5 miliyoni ku America, ambiri mwa iwo a pa magalimoto a Ford Explorer, anthu ambiri atafa pa ngozi. Bowo lotsekedwa ndi kachingwe kongolowetsa kuchokera kunja nalo limatha kulola madzi kufika pa malamba, dzimbiri n'kuyamba kudya mawaya mosaoneka.

N'chifukwa chake kuya kwa mano a tayala la kaunjika sikundikhutiritsa. Mano sanena ngati tayalalo linayendapo lopanda mpweya, kapena linakhala zaka zingati padzuwa. Ngati thumba silikulolani kugula latsopano, pemphani kuti muone tayalalo lisanaikidwe pa limu. Pisani dzanja mkati ndi kusisita mozungulira, ndipo mukapeza makwinya, zigamba za m'mbali kapena fumbi lakuda la labala wopekeseka, lisiyeni. Yang'anani milomo yake ngati ilibe pong'ambika pamene pakuoneka waya, ndiponso ming'alu yaing'ono m'mbali ndi m'mizere ya mano. Funani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti tayala lopitirira zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino, ndipo kwa galimoto yonyamula anthu m'misewu yathu yotentha ndi ya maenje, ine sindingagule lomwe ladutsa zaka 5. Likhale la C, la nambala ya katundu yofanana ndi ya linzake la mbali inayo, ndipo musalisakanize ndi la cross-ply pa ekiselo imodzi. Lotupalo muliboole m'mbali ndi mpeni musanalitaye, kuti wina asalitole n'kukaligulitsa kwa mwini minibasi mnzanu.