Kodi ndivomere internship yopanda malipiro? Yankho kwa mchemwali wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene anamaliza digiri yake ku Bunda ndipo akukhala kwa amalume ake ku Area 25. Iye akuti kampani ina ya ku City Centre yamuitana kuti akachite internship ya miyezi 6, koma yamuuziratu kuti sipadzakhala malipiro, ngakhale ndalama ya thiransipoti. Funso lake ndi lakuti, kodi avomere kuti CV yake isakhale yopanda kanthu, kapena akane poti kumeneku n'kudyeredwa masuku pamutu?

Mchemwali wanga, ndikuuzeni mosapsatira mawu kuti kugwira ntchito miyezi 6 osalandira ngakhale tambala si chilungamo, ndipo simukulakwa kudandaula. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsidwa ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Olemba ntchito ambiri amazemba ponena kuti intern ndi wophunzira chabe. Mawu amenewa amamveka pa attachment ya munthu amene adakali pasukulu, amene aphunzitsi ake amabwera kudzamuona ndipo zimene akuchita zimawerengedwa pa maphunziro ake. Koma inu sukulu munamaliza. Choncho dzifunseni kuti, mutajomba tsiku limodzi, kodi ntchito ina iima? Ngati malipoti sangalembedwe kapena makasitomala angasowe wowathandiza chifukwa inu kulibe, ndiye kuti mukugwira ntchito yeniyeni imene wina anayenera kulembedwa ndi kumalipidwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ntchito yotchedwa yaulereyi ili ndi woilipira, ndipo woilipirayo ndi inu ndi amalume anu. Mudzafunika minibasi m'mawa ndi madzulo, nthawi zina kuwonjezera kabaza, komanso chakudya chamasana, zovala zoyenera mu ofesi ndi mayunitsi a foni, zonsezi pamene mitengo sinabwererenso pansi chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Boma lenilenilo, poyambitsa pulogalamu yake ya internship ya omaliza maphunziro a ukachenjede mu 2018, linkapereka K80,000 pamwezi. Ndalamayi inali yochepa, koma inali kuvomereza kuti wophunzira ntchito nayenso amadya ndipo amakwera galimoto. Ku France lamulo limakakamiza olemba ntchito kupereka kangachepe ngati internship ipitirira miyezi iwiri.

Pa ofesi ina imene ndinagwirako kale tinali ndi mnyamata wanzeru kwambiri amene ankayenda pansi kuchokera ku Kawale tsiku lililonse. Akafika pageti ankatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta fumbi kunsapato asanalowe, ndipo nthawi ya nkhomaliro ikakwana, ife tikupita kukagula tchipisi pachiwaya, iye ankatsala pa kompyuta n'kumanena kuti ali ndi zoti amalize, botolo la madzi lili pambali. Zinanditengera milungu ingapo kuti ndizindikire kuti analibe ndalama yodyera, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti sindinaone msanga. Atatha miyezi yake anapatsidwa kalata ya mizere itatu, ndipo pampando pake panakhala intern wina watsopano. Umu ndi mmene malo a ntchito a ongoyamba kumene amathera: bwana amaona kuti palibe chifukwa cholembera munthu pamene chaka chilichonse kukubwera achinyamata ogwira ulere.

Palinso kukondera kumene sikuonekera msanga. Mwana wa ku Area 10 kapena ku Area 43, amene bambo ake amamutula pakhomo pa ofesi popita ku Capital Hill, angathe kugwira ulere chaka chathunthu osamva kuwawa. Mwana wa mlimi wa ku Mitundu, amene makolo ake anagulitsa mbuzi ndi soya kuti amalize sukulu, sangakwanitse ngakhale mwezi umodzi. Tsiku lofunsira ntchito likafika, woyambayo ndiye amaoneka kuti ali ndi luso, pamene chimene anali nacho kuposa mnzakeyo ndi ndalama ya makolo.

Komabe sindikuuzani kuti mungokana basi, chifukwa ndikudziwa mmene zimawawira kukhala pakhomo ndi digiri m'sutikesi, uku zotsatsa ntchito zonse zikufuna munthu amene wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Internship yabwino imaphunzitsa zimene kalasi siingaphunzitse, monga kulemba lipoti loti bwana asainire, kulankhula ndi alimi kapena makasitomala, ndiponso imakudziwitsani kwa anthu amene mawa angakutchuleni pakapezeka mwayi. Koma phindu limeneli limabwera pokhapokha pali munthu wokuphunzitsani. Ngati ntchito yanu idzakhala kujambula mapepala pa fotokope ndi kutumidwa kubanki, miyezi 6 idzatha musanatolepo kanthu.

Langizo langa ndi lakuti mubwerereko mwaulemu musanayankhe, ndipo mupemphe kuti zimene mwagwirizana zilembedwe papepala losainidwa. Papepalapo palembedwe tsiku loyamba ndi lomaliza, dzina la amene adzakuyang'anirani, zimene mudzaphunzire, ndi lonjezo la kalata ya umboni yofotokoza ntchito zimene munagwira. Pemphani kuti nthawi ichepe kufika miyezi itatu, kapena kuti muzipita masiku atatu pa sabata kuti masiku enawo muzichita kageni kapena kufunsira ntchito kwina. Ndalama ya thiransipoti muipemphe mosachita manyazi, pakuti kampani imene ikutha kulipira lendi ku City Centre siingalephere kukukwezani minibasi. Ndiwonjezerenso, poti ndinu mtsikana, kuti munthu wosalipidwa amene akuyembekezera kulembedwa ntchito amakhala pachiopsezo kwa mabwana ena opanda khalidwe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo musadzasunge chinsinsi cha wina aliyense wokuchitirani zimenezi.

Akavomera pepala ndi thiransipoti, pitani mukaphunzire ndi mtima wonse, ndipo muzilemba m'kabuku chilichonse chimene mwachita kuti chidzalowe mu CV. Akakana zonse ziwiri, ine ndikadakhala inu sindikadapita, chifukwa kukanako kukusonyezeratu mmene adzakuonereni mukalowa. Musanapange chiganizo khalani pansi ndi amalume anu, muwerengere limodzi ndalama ya minibasi ya miyezi yonseyo, popeza ndi iwo amene adzaitulutse m'thumba. Mukakumana ndi a kampaniwo mundilemberenso zimene akuyankheni.