Kumanda kapena ku Kenting pa tchuthi cha Qingming?

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati ndi chaka chanu choyamba pa sukulu ku Kaohsiung, mzinda wa kummwera kwa Taiwan, ndiye pa tchuthi cha Qingming cha kumayambiriro kwa Epulo mnzanu wa m'kalasi wakuitanani kuti mukatsagane ndi banja lake kumanda a agogo ake, pomwe anzanu a ku hositelo akuti tiyeni ku Kenting tikavine kunyanja. Mukudabwa kuti nthawi yokumbukira akufa ingakhale bwanji yamadansi, ndipo mukufunsa kuti inuyo mulowere kuti. Ine ndikuti pitani kumandako. Nyanja sithawa, koma banja la ku Taiwan siliitanira mlendo ku manda a makolo ake chisawawa.

Chikukuvutitsani ndikuchimva. Kwathu kumanda sitipitako wamba: pamafunika mawu a amfumu, adzukulu atsogole, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa nkhalango ya kumanda ndi dambwe, mwana sayandikirako. Ndiye mukamva kuti dziko lonse latseka maofesi kuti lipite kumanda, mutu umathamangira ku maliro, misozi ndi nyimbo zachisoni. Qingming si maliro ayi. Ndi tsiku lantchito komanso lodyera limodzi. Limagwa pa 4 kapena pa 5 Epulo, patatha masiku 15 kuchokera tsiku lija la mu Malichi limene usana ndi usiku zimatalika mofanana. Apa n'kuti kuzizira kutatha, mitengo ikuphuka, udzu utayamba kumeza manda a m'mapiri. Kuyambira kalekale ku China, tsikuli linali lokonza manda komanso lokayenda kutchire kukapitidwa mphepo, kuulutsa makaiti ndi kudyera panja. Kusangalala sikunabwere ndi achinyamata a lero, kunalimo kale m'mwambowo.

Mukapita mudzaona zotere. Anthu amalawirira m'mamawa, atanyamula zikwanje, masache, magolovesi ndi zikwama za chakudya. Manda akale a kuno ndi aakulu, ali ndi khoma lozungulira kumbuyo ndi kabwalo ka simenti kutsogolo. Amalambula udzu, kutsuka mwala wa dzina, ena mpaka kudzozanso utoto pa zilembo zofufutika. Kenako amatenga timapepala tachikasu kapena tamitundumitundu n'kumatipsinja ndi timiyala pamwamba pa manda. Timapepalati ndi chizindikiro choti mwini manda ali ndi ana ndi zidzukulu zomusamala. Mukayang'ana phiri lonse masana, manda opanda pepala amaonekera patali, ndipo achikulire amawayang'ana mwachifundo. Asanapereke kalikonse kwa agogo, amayamba kupereka kwa Tudigong, mulungu wa nthaka amene amati ndiye mlonda wa malowo, ndipo kakachisi kake kamakhala pambali pa manda. Akatero ndiye amayala nkhuku, nyama ya nkhumba, nsomba, zipatso, tiyi ndi mowa wa mpunga, n'kuyatsa timitengo ta lubani. Aliyense amawerama katatu, ena akulankhula ndi malemuwo ngati ali pompo: uyu wakwatira, uyu wapeza ntchito ku Taichung, uyu mayeso amukanika.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha pomaliza. Sachotsa chakudya mwachisawawa. Mmodzi amaponya makobidi awiri pansi kufunsa ngati agogo akhuta. Likagwa lina chagada lina chafufumimba, ndiye kuti avomera. Akagwa mofanana, onse amaseka, amati nkhalamba idakali kudya, dikirani. Akavomera ndiye amatentha mapepala oimira ndalama zoti malemu akagwiritse ntchito kumene ali, chakudya chija n'kubwerera nacho kunyumba kukadya amoyo.

Kunyumbako mudzadya runbing. Ndi mkate wopyapyala kwambiri wa ufa wa tirigu umene aliyense amakulungamo yekha kabichi, nyemba zongophuka kumene, dzira, nyama ya nkhumba, kenako n'kuwaza nsinjiro zosakaniza ndi shuga. Kummwera kumene muliko amakonda shuga wambiri, ena amaikamo ndi manudozi omwe. Chimadyedwa chosatentha, ndipo amachigwirizanitsa ndi nthano ya Jie Zitui, mtumiki wokhulupirika amene anapsera m'nkhalango pamene mbuye wake, wolamulira dera la Jin ku China wakale, anayatsa phiri pofuna kumukakamiza kutuluka kuti adzalandire mphoto. Pomva chisoni, mbuyeyo analetsa kukoleza moto pa tsikulo. Mukapatsidwa kakeke kobiriwira komata, ka mpunga wosakaniza ndi masamba a kutchire, landirani. Fungo lake limadabwitsa poyamba koma n'kokoma.

Nanga madansi akuchokera kuti? Akuchokera pa kalendala. Pa 4 Epulo ku Taiwan ndi Tsiku la Ana, nalonso ndi tchuthi cha boma. Mukaphatikiza ndi Qingming komanso Loweruka ndi Lamlungu, kawirikawiri pamatuluka masiku anayi opuma, ndipo imeneyi ndi imodzi mwa nthawi zitalizitali zopuma chidutsireni Chaka Chatsopano cha pa kalendala yoyendera mwezi. Ntchito ya kumanda imatha isanakwane 12 koloko masana. Komanso mabanja ambiri sadikira tsiku lenilenilo. Anthu a mtundu wa Hakka ambiri amayamba kusesa manda tsiku lotsatira chikondwerero cha nyali, mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, ndipo ena amapita sabata imodzi kapena awiri tsikulo lisanafike pothawa kuthithikana kwa magalimoto. Onjezani kuti masiku ano anthu oposa 90 mwa 100 alionse akamwalira amatenthedwa, phulusa n'kusungidwa m'nyumba zosanja zokhala ndi timabokosi m'makoma. Kumeneko kulibe udzu wolambula: mufika, muyala chakudya pa tebulo, muyatsa lubani, ola limodzi mwamaliza. Ndiye mnyamata amene mukumuona akuvina pa mchenga Loweruka usiku, mwina anawerama kale pamaso pa agogo ake, ndipo palibe amene akumuona ngati wamwano.

Kenting ili kunsonga yakummwera kwenikweni kwa chilumba cha Taiwan, m'boma la Pingtung, ndipo inakhala paki yachilengedwe yoyamba ya dziko la Taiwan mu 1984. Mu Epulo ku Taipei kumakhala kukadali mvula yowaza ndi mitambo, pomwe kumeneko dzuwa likuswa mtengo. Mu 1995 anthu awiri a ku America okhala ku Taiwan, Jimi Moe ndi Wade Davis, anayambitsa kumeneko chikondwerero cha magulu oimba chotchedwa Spring Scream. Chinayamba chaching'ono, cha magulu osatchuka oimba nyimbo zawozawo, koma chinakula mpaka ena anaona kuti pali ndalama, n'kuyamba kukhazikitsa madansi awo m'magombe oyandikana nawo pa masiku omwewo. Kuyambira 2021 boma la Pingtung lakhala likukonza lake, Taiwan Music Festival, ku gombe la Dawan, lolowa ulere, ndipo ndi kumene khamu lalikulu limakhamukira tsopano. Mwina n'kumene anzanuwo akulinga.

Malowo ndi okongola, sindikana. Madzi a ku gombe la Nanwan ndi oyera, ngakhale posambira mumakhala mukuyang'anizana ndi zimadenga ziwiri zozungulira za malo opangira magetsi a nyukiliya a Maanshan, amene anazimitsidwa mu Meyi 2025. Koma pa masiku anayi amenewa Kenting imadula mopanda chisoni. Chipinda chimakwera mtengo, njinga zamoto zobwereka zimatha, ndipo chakudya cha mumsewu waukulu wa Kenting usiku chimadandaulitsa ngakhale eni dziko. Sitima sifika kumeneko. Basi yochokera ku Zuoying, mu Kaohsiung momwemo, imatenga maola awiri ndi kanthu masiku wamba, koma pa tchuthichi msewu wa nambala 26 umadzadza moti wapansi amakupitirirani. Mu 2020, nthawi ya Covid, khamu linachuluka mpaka boma linatumiza uthenga wochenjeza m'mafoni a anthu amene anali ku Kenting ndi malo ena oyendera. Apolisi nawonso amakhala ali ponseponse chifukwa madansi a kumeneko anatchuka ndi mankhwala ozunguza bongo. Chamba kuno ndi mlandu waukulu, ndipo kwa mlendo wa viza ya sukulu, kupezeka m'chipinda cholakwika kokha kukhoza kuthetsa maphunziro. Mukadzapita, chakumwa chanu chizikhala m'manja mwanu, ndipo musasungire munthu chikwama.

Mwatchulanso kuti ndinu wopemphera ndipo mukuopa kukakamizidwa kupembedza. Muuzeni mnzanuyo musananyamuke kuti lubani simugwira. Sizachilendo kuno, Akhristu a ku Taiwan nawonso amapita kumanda ndi maluwa, kuimba nyimbo ndi kupemphera m'njira yawo. Inu imani pambali mwaulemu, weramitsani mutu ena akamawerama, ndipo pa ntchito ya udzu musadikire kuuzidwa, gwirani chikwanje. Za chakudya chimene chaperekedwa kwa makolo, chikumbumtima ndi chanu. Ngati simudya, nenani mofatsa, patebulo pamakhala zambiri zimene sizinapite kumanda. Valani zamitundu yofatsa, osati zofiira, nsapato zotseka ndi buluku lalitali chifukwa cha udzudzu ndi njoka. Musaponde manda a eni podutsa, musajambule musanapemphe, ndipo musawafunire "tchuthi chosangalatsa" ngati ndi Khrisimasi. Nyamulani kabokosi ka zipatso kopatsa amayi a mnzanuyo.

Ngati mtima ukukanabe kusiya nyanja, funsani tsiku lenileni limene banjalo likupita. Likakhala loyamba la tchuthi kapena sabata yam'mbuyo, zonse ziwiri zitheka, poti Kaohsiung ndi pafupi. Koma malo ogona ndi tikiti ya basi yobwerera mulipiriretu sabata ino, apo ayi mudzagona pa mchenga, ndipo mphepo ya ku Hengchun, dera limene kuli Kenting, usiku siseka ndi munthu.