Mwana wolusa akatsala pang'ono kusamba

Mayi, mwafunsa za mtsikana wanu wa Form 3 kuti sabata yoti asambe ikayandikira amangolira, kukalipira aliyense pakhomo, tulo osabwera, ndiye aphunzitsi akuti ayese mindfulness, njira yodekhetsa maganizo poika chidwi pa kapumidwe ndi zomwe thupi likumva panthawiyo, kodi zimathandizadi? Zimathandiza ndithu koma kumbali ya mtima ndi maganizo, ululu wa m'mimba ndi nkhani ina.

Mwanayo si mwano ayi. Dzira likatuluka mahomoni a progesterone ndi estrogen amakwera kenako nkutsika asanasambe, ena thupi lawo limamva kwambiri kusinthaku, mabere kulemera, ziphuphu, kupsa mtima ndi kanthu kachabechabe, akayamba kusamba pakapita masiku ochepa zimatha zokha. Azilemba pa kalendala ya pafoni kwa miyezi 2, aone yekha kuti masiku ovutawo ndi omwewo.

Ena mugulu muno ayamba kale kuti mindfulness ndi zamizimu kkkk. Mizu yake ili kwa Abuda inde, koma yomwe imaphunzitsidwa m'zipatala anaikonza Jon Kabat-Zinn ku University of Massachusetts mu 1979 ndipo mulibe pemphero lililonse. Akhale pabedi, foni patali, dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi 5 basi. Maganizo athawira ku mayeso a ZIMSEC kapena kwa mnzake amene anamunena kusukulu, zimenezo nzosapeweka, asadzidzudzule angowabweza ku mpweya. Mkwiyo ukamabwera amvetsere pomwe wamugwira, nsagwada zalimba kapena pachifuwa patentha, anene chamumtima kuti ndakwiya, asanayankhe munthu. Ngakhale mu kombi (minibasi) ya ku Mufakose ku Harare atapanikizana anthu anayi pampando zimatheka. Koma aziyeserera masiku omwe ali bwino, ndipo chonde musamamuuze kuti tapuma kaye iwe pomwe walusa kale, mungokolezera moto.

M'mimba mukamapotokola botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo, ibuprofen atadya kaye, kuyendayenda pang'ono.

Akamajomba kusukulu mwezi ndi mwezi kapena kunena zoti moyo watopa nawo musadikire, ilipo PMDD, vuto lalikulu la maganizo lobwera munthu asanasambe, yomwe imafuna adokotala, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo mutatenga kalendala ija. Inunso mukalemedwa kuli Friendship Bench yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare ku Harare, agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pa makiliniki a khonsolo kumvetsera anthu, mukafunse anesi ngati pakiliniki yanu alipo.