Nyerere za m'chipululu zimawerenga mapazi

Aphunzitsi a ku Linthipe, mwafunsa kuti nyerere za m'chipululu zimabwerera bwanji kuuna kwawo poti mchenga ndi umodzimodzi paliponse. Iwalani kaye za nyerere zathu zino. Zathuzi zikapeza shuga m'kapu zimayenda mondondozana chifukwa yoyamba imasiya fungo m'njira. Fufutani ndi chala pamzerepo muone zikubalalika. Ku Sahara fungo lotere silichedwa kuuma, mchenga umatentha kupitirira madigiri 60, ndiye nyerere ya mtundu wa Cataglyphis imatuluka yokhayokha kukatola tizilombo tofa ndi dzuwa.

Kolowera imakudziwa ndi dzuwa komanso thambo. M'mphepete mwa diso lake chakumtunda muli timaselo toona mmene kuwala kwayalidwira kumwamba, moti dzuwa likabisika kumtambo, kachigawo kochepa ka thambo loyera n'kokwanira. Mtunda imauyeza ndi mapazi. Posaka imakhotakhota, koma ikangonyamula chakudya imalunjika kwawo osabwereza njira yomwe inadzera.

Za mapazizi anazitsimikiza ku Tunisia, zotsatira zake n'kutuluka mu 2006. Matthias Wittlinger, Rüdiger Wehner ndi Harald Wolf anazoloweretsa nyerere kukadya pamtunda wa mamita 10. Zili pachakudyapo, zina anazimata ubweya wa nkhumba kumiyendo kuti italike, zina anazidula miyendo, nkhanza ndithu, n'kuzisiya m'kangalande kena. Zamiyendo yaitali zinapyola mpaka mamita 15, zodulidwa zinaima pafupifupi pa 6 n'kuyamba kufunafuna una pomwe palibe. Koma zitapita ndi kubwera ndi miyendo yatsopanoyo, zinkafika pafupifupi pamalo pake penipeni.

Pamene zimavuta ndi apa: ulendo ukatalika, kuphonya kumachuluka. Komanso mukainyamula pachakudya n'kukaiika pena, imathamangabe molunjika mbali yomweyo, mtunda womwewo, ngati palibe chachitika. Ikafika pomwe ikuyesa kuti ndi kwawo n'kusowa dzenje, imayamba kuzungulira, mizunguloyo ikukulirakulira, n'kumabwerera pakati pomwe inayambira.

Chakufupi ndi una imadalira miyala, titchire ndi fungo la mpweya wotuluka m'dzenjemo. N'chifukwa chake yachilendo pantchito imatha masiku awiri kapena atatu ikungoyendayenda pakhomo, kuima n'kucheukira kuuna, isanapite kutali.