Yankho kwa achimwene pa za matabuleti a kusukulu

Mwaswera bwanji achimwene, ndi nonse a m'gulu muno. Uthenga wanu uja ndaumva, woti inu ndi anzanu ku Joniko mwasonkherana ndalama zogulira sukulu ya kumudzi matabuleti 20, ndiye mukufunsa kuti mugule otani. Ndiyankha ndi pakamwa, kulemba zitalika.

Musanatulutse ndalama, muwaimbire kaye ahedi, kapena a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yathu, muwafunse ngati sukuluyi ili pa ndandanda wa BEFIT. Imeneyi ndi pulogalamu ya Unduna wa Zamaphunziro, inayamba mu 2023, ndipo akugwira limodzi ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Amapereka matabuleti ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, sola amabwera nayo okha, ndipo akufuna kufikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Ngati yathu ili pa ndandanda, matabuleti musagule ayi. Ndalamazo zipite ku chitseko chachitsulo, zitsulo za m'mawindo ndi malipiro a mlonda.

Ngati palibepo, chabwino, gulani. Koma pa ndalama zomwe mwasonkhazo, matabuleti asatenge zonse, chifukwa chomwe chimagonetsa zinthuzi m'kabati ndi magetsi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tabuleti wamba ya mainchesi 8 batire yake imakhala cha m'ma 5000 mAh, ndiye kuti pafupifupi 19 Wh (Wh ndi muyeso wa moto womwe batire imasunga). Matabuleti 20 ndi 380 Wh. Potchaja moto wina umatayika, ndiye tingoti 500 pa tsiku. Panelo ya mawati 150 ikalandira dzuwa lamphamvu maola 5, papepala imapereka 750, koma chotsanipo za kutentha, fumbi ndi mawaya, mutsala ndi 500 yomweyo kapena kupitirira pang'ono. Mwangokwana ndendende, ndipo mitambo ya Januwale ndi Febuluwale ikabwera muperewera. Gulani ya mawati 200, kontirola (kachida koteteza batire potchaja) ya 20 A, ndi batire ya sola ya 12 V, 100 Ah. Ya galimoto ayi achimwene, ngakhale wogulitsa akunyengerereni bwanji. Ya galimoto anaipangira kulizira injini kamphindi, mukamaikama tsiku lonse sichedwa kufa. Ndipo ya solayo, ngati ili ya asidi, mumagwiritsa theka lokha, cha m'ma 600 Wh. Mukamaikama mpaka pansi tsiku ndi tsiku, chaka sichitha.

Inveta, chida chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'soketi, isiyeni. Gulani machaja a mabowo ambiri a USB otenga moto wa 12 V kuchokera kubatire. Inveta imadya moto ngakhale palibe cholumikizidwa, komanso, pepani kunena, ikangopezeka inveta pasukulu mudzi wonse wapeza potchajira foni, wina abwera ndi makina ometera, Loweruka kuli mpira pa TV. Lolemba m'mawa ana afika batire ili gwa pansi, anthu n'kumati sola ija inali yabodza.

Panelo iyang'ane kumpoto, chifukwa kuno dzuwa limapendekera kumeneko miyezi yambiri, ipendekeke madigiri 15, kuti mvula izitsukanso. Aiwotcherere pa felemu yachitsulo, asangomangirira ndi waya. M'chilimwe azipukuta sabata iliyonse ndi nsalu yonyowa, m'mamawa isanatenthe.

Tsono kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, Okutobala ndi Novembala. Batire ya m'tabuleti simafuna kutchajidwa pamalo opitirira madigiri 45. Kabati yachitsulo yotseka, pansi pa malata opanda siling'i, matabuleti 20 ali pa chaja masana, imeneyo ndi uvuni. Kabatiyo ikhale ndi mabowo a mpweya pansi ndi pamwamba, italikirane ndi windo, matabuleti aimikidwe motalikirana, osati kusanjikiza ngati mbale. Mukaona sikirini yayamba kutukuka m'mbali, batire yafufuma mkati. Imeneyo ichotsedwe msanga, asaitchajenso, asaiboole, itha kuyaka.

Za kugula kumeneko, zinthu zitatu kapena zinayi. Akhale a mtundu umodzi onse, a Android, a bowo la USB-C, chifukwa kabowo kakale kaja kamagwedera msanga. Chaja iliyonse ya pakhoma yomwe mungagule ku Joni ibwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe soketi zathu ndi za mano atatu a makona, ndiye musaiwale zimenezo. Ndipo ngati mukugula ogwiritsidwa kale ntchito, wogulitsa achotse akaunti yake ya Google, afufute zonse, ayatsenso inu mukuona. Apo ayi tabuleti idzafika kuno n'kumafunsa pasiwedi ya munthu amene simudzamuonanso, basi yasanduka thireyi. Za msonkho wa pachipata funsani a MRA katundu asananyamuke, kalata ya sukulu ikhale m'manja.

Zomwe zimafa msanga si tabuletiyo kwenikweni. Ndi mahedifoni. Ana amatafuna chingwe, amachikulunga pachala, amachikoka. Pa matabuleti 20 gulani mahedifoni 30. Popanda mahedifoni, zida 20 zikulankhula nthawi imodzi m'chipinda chimodzi, palibe mwana amamva kanthu. Kenako kava ya labala ndi galasi lotchinga sikirini pa iliyonse. Kulowetsa chaja ikhale ntchito ya mphunzitsi, ana ayi. Iliyonse ilembedwe nambala kumbuyo, 1 mpaka 20, ndipo pakhale kope lolembamo potulutsa ndi pobweza, tsiku lililonse.

Ndiye muikamo chiyani? Musadalire intaneti. Netiweki ya kumudzi mukuidziwa, ndipo bandulo ya zida 20 palibe komiti ingaikwanitse mwezi ndi mwezi. Zonse zilowe muli komweko pa Wi-Fi. Pali African Storybook, ili ndi timabuku ta nthano, tina ta m'Chichewa, mumatsitsa n'kumawerenga popanda netiweki. Pali Kolibri, yaulere, imayenda popanda intaneti, koma zambiri zake ndi za m'Chingerezi, ndiye ithandiza a Sitandade 5 kupita m'tsogolo, kumene maphunziro amakhala m'Chingerezi. Musaikemo simu khadi, ndipo mutseke kuti mwana asatuluke mu pulogalamu yophunzirira. Mukapanda kutero, pakutha sabata mudzapeza zithunzi za mphuno ndi magemu okhaokha.

Apa pali china chimene anthu akutali amachiiwala. Ana ambiri a kwathu amalowa Sitandade 1 akulankhula Chiyao chokha. Tabuleti ikuti “gwira chithunzi cha nsomba”, mwana wangoti duu, si kuti ndi wopanda nzeru, sanamve lamulolo. Masabata oyambirira mphunzitsi aziyamba waonetsa pa tabuleti imodzi kutsogolo, n'kumasulira m'Chiyao mawu obwerabwera aja, gwira, koka, sankha, mvetsera. Akangogwira amenewo, amathamanga okha.

Chovuta kuposa zonsezi ndi nthawi. Tiyerekeze kalasi ili ndi ana 100, zomwe kuno si zachilendo. Matabuleti 20, magulu 5. Gulu lililonse mphindi 30, kuwonjezerapo mphindi zina 10 zosinthana, kugawa ndi kukhazika ana pansi. Ndi maola atatu ndi mphindi 20, kalasi imodzi yokha, ndipo ana ang'onoang'ono amaweruka msanga. Ndiye matabuleti 20 sangakwanire sukulu yonse. Asankhe kalasi imodzi, ine ndingati Sitandade 2, chaka chonse, mwana aliyense azigwira katatu kapena kanayi pa sabata. Kugawira makalasi onse kuti pasakhale wodandaula, mwana n'kumagwira kamodzi pamwezi, ndi kutaya ndalama. Komanso mphunzitsi akakhala ndi ana 20 kuchipinda cha matabuleti, 80 aja atsala ndi ndani? Pafunika aphunzitsi awiri osinthana, kapena amayi a Mother Group azithandiza kuyang'anira. Aphunzitsi ophunzitsidwa kagwiritsidwe kake akhale atatu, osati mmodzi, chifukwa mmodziyo akasamutsidwa makiyi ndi nzeru zonse zimapita naye. Ndipo mayina a magulu alembedwe, apo ayi nyengo ya usipa anyamata akathawira kunyanja palibe adzazindikire kuti akutsalira.

Ndiye pa ndalama zanuzo, ine ndingachepetse matabuleti, ngakhale 15, kuti sola, kabati ndi mahedifoni zikwane, n'kusungako ina ya batire, chifukwa ya asidi kotentha kuno pakatha zaka ziwiri kapena zitatu imafuna ina. Komiti ya sukulu ndi amfumu akhale pansi alembe kuti makiyi asunga ndani, mlonda alipidwa ndi ndani, ndipo tabuleti ikasweka atani. Mukalankhula ndi ahedi mutiuze muno zomwe ayankha za BEFIT, ndipo mujambule kumbuyo kwa bokosi la tabuleti mukufuna kugulayo, ndione batire ndi bowo lake musanalipire.