Kodi boma lingandiletse kugumula khoma la nyumba yanga yakale?

Zikomo Bambo chifukwa cha funso lanu. Mwafotokoza kuti muli ndi nyumba yamakedzana mkatikati mwa mzinda wa Blantyre, yomwe ili m'gulu la nyumba zotetezedwa, ndipo mutapempha chilolezo chowonjezera zipinda, boma lavomera koma lakulamulani kuti musagumule khoma lakumaso komanso musasinthe kamangidwe ka denga. Mukufuna kudziwa ngati boma lili ndi mphamvu yotero pamene mapepala a malowo ali m'dzina lanu.

Mphamvuyo lili nayo ndithu. Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza ufulu wokhala ndi katundu, koma gawo 44 limalola kuti ufulu uikidwe malire ngati malirewo akuchokera m'lamulo ndipo ndi oyenera. Lamulo lotero pano ndi Monuments and Relics Act ya 1990, yomwe imaletsa munthu kusintha, kugumula kapena kuwononga malo otetezedwa popanda chilolezo cholembedwa cha nduna. Ndi lamulo lomweli limene limateteza nyumba ya Mandala ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha kumangidwa mu 1891. Amene ali ndi mphamvu yokana pempho lonse angathenso kuvomera mbali ina ya ntchitoyo n'kukana ina.

Dziwaninso kuti pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda pansi pa Physical Planning Act ya 2016 sichotsa kufunika kwa chilolezo cha nduna. Anthu ambiri amagwa pamenepa, poganiza kuti chidindo cha khonsolo chatha zonse.

Komabe mphamvu imeneyi ili ndi malire, ndipo apa ndi pamene pali polimbikira. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko aja limakupatsani ufulu wakuti chiganizo chilichonse cha akuluakulu a boma chokhudza inu chikhale chotsata lamulo, chochitidwa mwachilungamo, komanso kuti mupatsidwe zifukwa zake molemba. Choncho lemberani kalata nthambi ya boma ya Museums and Monuments, yomwe imayang'anira malo otetezedwa ngati amenewa, mufunse chifukwa cha lamulo lililonse lomwe akuikirani, ndipo muphatikizepo zojambula za katswiri wa mapulani. Ngati khomalo lachita ming'alu moti likhoza kugwera anthu, lipoti la injiniya lidzamveka kwambiri kuposa dandaulo la pakamwa. M'kuona kwanga, n'kosavuta kuti boma liikire kumbuyo chiganizo chake choteteza khoma lakumaso, popeza ndi nkhope ya mbiri ya nyumbayo, koma nkhani ya denga ingathe kukambidwa ngati mwasonyeza kuti zipangizo zatsopano zisunga maonekedwe akale.

Zokambiranazo zikakanika, mungapite ku High Court ku Chichiri kukapempha judicial review, kutanthauza kuti khoti liunike m'mene chiganizocho chinapangidwira. Pempholi liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu chiperekedwere chiganizocho, kotero musalole kuti kulemberana makalata kukudyereni nthawi imeneyi. Khoti silidzaweruza zakuti khomalo ndi lokongola kapena ayi, lidzaona ngati akuluakuluwo anatsata lamulo, anamva mbali yanu, komanso ngati zimene analamulazo zikugwirizana ndi cholinga choteteza malowo.

Pakadali pano amisiri asakhudze khomalo kapena dengalo, chifukwa kutero popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kungafooketse nkhani yanu pamaso pa woweruza. Sungani kalata ya bomayo bwinobwino ndipo mulembe tsiku limene munailandira.