Tsinde la ubongo, kapumidwe ndi lilime

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina m'boma la Dedza. Ndikamamasulira phunziro m'Chichewa ndimasowa dzina la mbali ya ubongo imene pa Chingerezi amati brainstem. Tsiku lina ndinauza ana kuti mbaliyi imalamulira kupuma ndi lilime, wina n'kufunsa ngati ndikunena za kupuma kwa munthu wotopa. Ndinene bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, nenani kuti tsinde la ubongo. Ana anu mawuwa akuwadziwa kale, pamtengo ndiponso m'kalasi ya Chichewa momwe amaphunzira za tsinde la mneni. Tsinde ndi pamene zina zonse zimatsamira. Mbali imeneyinso ili m'munsi, cha kunkhongo, pamene ubongo ukulumikizana ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana. Ena amati mchira wa ubongo, koma ine ndimawakaniza. Nyama yoduka mchira imakhalabe ndi moyo, pomwe yovulala kwambiri patsinde la ubongo imaleka kupuma.

Mwana uja sanalakwe. Kupuma kuli pawiri: wodwala mphumu amavutika kupuma, agogo anapuma pantchito. Njira yachidule ndi kunena kuti kapumidwe, monga timanenera kuti kayendedwe kapena kadyedwe. Mukati tsinde la ubongo limawongolera kapumidwe, palibe amene angaganize za tchuthi. Ndasankhanso kuwongolera m'malo mwa kulamulira chifukwa ntchitoyi ndi yosalekeza. Mpweya woipa ukachuluka m'magazi, tsinde limafulumizitsa kapumidwe, ukachepa n'kubweza moto, mwini wake ali m'tulo osadziwa kanthu.

Pa lilime musathamangepo, chifukwa mpamene phunziro likukoma. M'chigawo cha m'munsi cha tsindeli, chotchedwa medulla, muli kagulu ka maselo kamene kamayambitsa kukoka mpweya kulikonse. Jeffrey Smith, Jack Feldman ndi anzawo anakafotokoza mu 1991 atafufuza pa ana a makoswe, ndipo anakatcha pre-Bötzinger. Dzinali lisiyeni momwemo. M'chigawo chomwecho mumachokera mtsempha wa nambala 12 mwa mitsempha yotuluka m'chigaza, umene umayendetsa lilime. Pokoka mpweya, uthenga umafikanso ku mnofu wokokera lilime kutsogolo kuti lisatseke kukhosi. Munthu akagona mnofuwo umalobodoka, ndipo kwa ena lilime limabwerera m'mbuyo, mpamene timamva mkonono usiku wonse. Afunseni ana za galu wa kwawo m'mwezi wa Okutobala: lilime panja, ali wefuwefu. Mawu akuti wefuwefu musawaone ngati achibwana. Akunena ndendende kupuma kofulumira ndi kosazama kumene galu amadziziziritsa nako, kosiyana ndi kubanika kapena kutsamwa.

Funso: Kodi mawu akuti mtsempha sasokoneza? Kuchipatala amati mtsempha pobaya jakisoni, inunso mukuti mtsempha wa lilime.

Yankho: Amasokonezadi, mayi. Chichewa chimaika pamodzi njira ya magazi, njira ya uthenga wochokera ku ubongo, ndi chingwe cholimba chomanga mnofu ku fupa, chija chimavuta kutafuna m'nyama ya ng'ombe. Poyamba tchulani zonse, mtsempha wa magazi kapena mtsempha wa uthenga, kenaka mungafupikitse. Lilime lili ndi yonse iwiri. Wa uthenga ukawonongeka mbali imodzi, munthu akatulutsa lilime limapendekera mbali yomweyo, ngakhale magazi akuyenda bwinobwino.